Elsie ndi Gulugufe Wosamva

Elsie ankakhala ku Katawa, mu Mzuzu. Anali ndi mlongo wake wamng'ono. Dzina lake linali Hudson.

Hudson anagwa mumtengo wa gwafa. Anathyoka mwendo. Kuchipatala anamuika pulasitala. Tsopano ankangogona pamphasa tsiku lonse.

Hudson ankakonda agulugufe. Ankawakonda kuposa mpira. Ankawakonda ngakhale kuposa shuga!

Tsiku lina Elsie anabwera akuthamanga.

"Hudson! Ndaona gulugufe wamkulu kudambo!"

"Wotani?" anafunsa Hudson.

"Wabuluu! Wabuluu chomene!"

Hudson anayang'ana mwendo wake. Anayang'ana pakhomo. Kudambo kunali kutali.

"Ine sindimuona," anatero chapansipansi.

Elsie anamva chisoni. "Ndikakugwirira," anatero.

"Yayi," anakana Hudson. "Ukamugwira, mapiko ake awonongeka."

Elsie anaganiza. Anaganizanso. Kenaka anakumbukira amalume ake, a Overtoun. Kwawo amalume ankawatchula kuti asibweni.

Asibweni anali ndi kamera. Ankajambula anthu paukwati. Ankajambula anthu kutchalitchi. Asanajambule ankakuwa kuti, "Imani nji! Osagwedezeka!" Aliyense ankaima nji. Ngakhale abusa ankaima nji, mimba atabweza mkati.

Loweruka m'mawa Elsie anapita kwa asibweni.

"Monire, asibweni," anawalonjera atagwada. "Ndibwerekeniko kamera. Ndikufuna kumujambulira Hudson gulugufe."

Asibweni anaseka. Anaseka mpaka kutsokomola. Koma anamukoleka kamera m'khosi.

"Uyang'ane apa. Udine apa," anatero. "Koma tamvera. Mufilimu mwatsala chithunzi chimodzi. Chimodzi pera!"

"Yewo chomene, asibweni," anathokoza Elsie.

Elsie anatsikira kudambo. M'thumba anali ndi nthochi. Amayi anabwera nazo kuchokera ku Nkhata Bay. Zinali zakupsa kwambiri.

Uyo gulugufe, ali pa duwa! Elsie anakweza kamera. Anakuwa ngati asibweni.

"Ima nji! Osagwedezeka!"

Gulugufe anauluka.

Elsie anamuthamangira. Gulugufe anatera pa udzu.

"Iwe, ndati ima nji!"

Gulugufe anaulukanso. Kodi gulugufe n'kumva za munthu? Iyeyu si abusa ayi!

Elsie anathamanga uku. Anathamanga uko. Anaterereka m'matope, phwa! Diresi lake lalitali linada. Koma kamera anaigwira m'mwamba.

Elsie anatopa. Anakhala pansi. Anasenda nthochi imodzi. Anadya theka. Theka lina linagwera pa udzu.

Sanakuwenso. Sanathamangenso. Anangokhala pomwepo, misozi ili m'maso.

Mwadzidzidzi, uyo gulugufe! Anazungulira kamodzi. Anazungulira kawiri. Anatera pa nthochi ija. Anatambasula mapiko ake abuluu.

Tsopano anaima nji ndi Elsie. Sanagwedezeke. Anakweza kamera pang'onopang'ono. Anadina.

Tcha!

Asibweni anapititsa filimu kokatsukitsa m'tauni. Elsie anadikira. Hudson anadikira. Sabata yonse inatha.

Kenaka asibweni anabwera ndi envelopu. Amayi anasiya kuchapa. Onse anazungulira mphasa ya Hudson.

Elsie anatsegula envelopu. Gulugufe anali pomwepo. Mapiko anali pomwepo. Nthochi inali pomwepo. Koma zonse zinali zoyera ndi zakuda.

"Buluu uja ali kuti?" anafunsa Elsie.

Asibweni anakanda kumutu. "Phepa, mwana wane. Ndinaiwala kukuuza. Filimu yanga imadziwa mitundu iwiri basi."

Elsie analira. Analira kwambiri. Matope onse aja! Kudikira konse kuja!

Hudson anatenga chithunzicho. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Usalire," anatero. "Mapiko ndawaona. Tinyanga take ndationa. Mitundu unaiona ndiwe. Undiuze."

Amayi anamwetulira. Anatsegula chikwama cha Elsie cha kusukulu. Anatulutsa mapensulo a mitundumitundu. Anamupatsa Hudson.

"Apa panali potani?" anafunsa Hudson.

"Pabuluu," anayankha Elsie akupukuta misozi.

Hudson anapaka buluu.

"Nanga apa?"

"Pabuluu chomene."

Hudson anapakanso. Anapaka mpaka pensulo inafupika.

"Nanga timadontho iti?"

"Tachikasu. Ngati nthochi."

Hudson anapaka chikasu. Asibweni anasuzumira. "Iwe, kamera yanga yakuchepera!" anatero. Onse anaseka.

Hudson anakweza chithunzi m'mwamba. Maso ake anawala.

"Ndamuona, Elsie," anatero. "Ndamuona! Yewo chomene."

Elsie anasangalala kwambiri. Amayi anapachika chithunzicho pakhoma, pafupi ndi mphasa.

"Tsopano ima nji," Elsie anauza gulugufe. "Osagwedezeka!"

Ulendo uno gulugufe anamvera. Anaima nji pakhoma. Anaima nji mpaka mwendo wa Hudson unapola.

Ndipo Loweruka lina m'mawa, ana awiri anatsikira kudambo. Ankayenda pang'onopang'ono. Aliyense ananyamula nthochi yake.