Timapepala ta m'Jekete

Bambo Macpherson Chimphonda anali atafunafuna tayi yawo nyumba yonse, mpaka pansi pa bedi. Tayiyo inali m'khosi mwawo. Marjorie, mwana wawo wa Folomu 3, anaiona. Anangoyandikira n'kuiwongola ngati akusansa fumbi.

"Ndimadziwa kuti ili pomwepa," anatero bambowo. "Ndimangokuyesa."

"Inde, ababa."

Marjorie anali atatopa. Panali patapita miyezi isanu ndi iwiri chichitikire ngozi ija. Tsikulo bambo ake anakwera takisi ya ku Nkhorongo, ndipo anaumirira kukhala kutsogolo, popeza mkulu woyendera sukulu sangapanikizane ndi madengu a tomato kumbuyo. Pamphambano ina lole inatulukira cham'mbali n'kuomba chitseko chawocho. Mutu unamenyetseka pagalasi. Anakomoka masiku awiri, n'kutsitsimuka ndi kachilonda pakhutu basi.

A Frackson, oyandikana nawo nyumba, amene anali kumbuyo ndi madenguwo, anathyoka mwendo. Mwendo wa pulasitala aliyense amauona, choncho a inshuwalansi anawapatsa chipukuta misozi mosavuta. Koma bala la a Chimphonda linali mkati mwa mutu. Ankaiwala zimene angouzidwa kumene, ankapsa mtima ndi kulira kwa supuni m'kapu, ndipo kuntchito anawapempha mwaulemu kuti akapume kaye. Mayi ake a Marjorie anayamba kugulitsa kaunjika kumsika kuti pakhomo padyedwe.

Dokotala woyamba atawafunsa kuti ali bwanji, iwo anayankha monga munthu woleredwa bwino: "Ndili bwino kwambiri, kaya inu?" Kenako analankhula Chingerezi kwa mphindi khumi za kulowa pansi kwa maphunziro. Akati asokonezeke, Marjorie ankawanong'oneza, monga ankachitira kutchalitchi ndi pamsewu. Dokotalayo analemba kuti wodwala wachira, ndipo a inshuwalansi anati alipira za khutu lokha.

"Katswiri wa za ubongo abwera Lachinayi, tsiku limodzi lokha," anatero loya wawo, Mayi Rhoda Longwe, atakokera Marjorie pambali. "Lipoti lake ndilo lomaliza. Iwe mwana, usakawanong'oneze. Ukawathandiza, wawapweteka."

Lachinayilo linali lero. Anakhala pabenchi yachipatala kuyambira m'mawa, a Chimphonda ali mu suti pakati pa anthu ofunda zitenje chifukwa cha mawawa a Mzuzu. Dzuwa litapendeka, anaitanidwa.

"Monire, adada. Muli uli?" anafunsa m'Chitumbuka Dokotala Nyirenda, mayi wochepa thupi wa magalasi.

"Ndili bwino chomene," anayankha. Pa zaka zisanu ndi chimodzi mumzindawu, Chitumbuka chawo chinathera pamenepo.

"Yewo. Ndikupatsani mawu atatu musunge: nthochi, njinga, bulangete. Ndikufunsani bwino lino."

"Mayi, ine ndinkadziwa pamtima mayina a ahedi onse kuyambira ku Jenda mpaka ku Chitipa. Inu mukuti nthochi?"

Dokotala anawaunika m'maso, anawayendetsa pamzere, kenako anati, "Mawu aja?"

A Chimphonda anatsokomola. Anakonza tayi. Kenako anapendeketsa mutu cha kumene kunali Marjorie, monga mwa chizolowezi. Mawu onse atatu anali pamlomo pa mtsikanayo. Iye anayang'ana nsapato zake.

"Marjorie," anaitana bambowo.

Mtsikanayo sanadzutse mutu.

"Nanga mumakhala kuti, adada?" anafunsa dokotala.

"Ku Area 18, ku Lilongwe," anayankha mwamphamvu. Kumeneko anasamukako Marjorie ali Sitandade 5.

Apa Marjorie anadzutsa mutu. "Adokotala, sabata yatha anasochera pochokera kutchalitchi. Ndinakawapeza ku Chibavi ataima pampopi, akufunsa ana njira."

"Ndimayendera sukulu!" anakalipa bambo ake.

"Linali Lamlungu, ababa."

Marjorie anadikira chimkuntho. Anadziwa kuti wawachotsa ulemu pamaso pa mlendo, chinthu chimene sanachitepo.

Koma a Chimphonda anapisa dzanja m'thumba la mkati mwa jekete. Anatulutsa timapepala topindapinda n'kutiyala patebulo, kamodzikamodzi. Tonse tinali tolembedwa ndi dzanja lawo lokongola lija.

Dokotala anawerenga mokweza. "Tsika pa Nkhorongo, geti lobiriwira." Anatenga kena. "Wamwa kale mankhwala, usamwenso." Kachitatu anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anakapereka kwa Marjorie osawerenga.

Panalembedwa kuti: "Usamukalipire Marjorie. Watopa."

"Kameneko ndimakawerenga m'mawa uliwonse," anatero bambowo motsitsa mawu, maso ali pakhoma. "Pofika masana ndimakhala nditaiwala kuti kalipo." Anamasula tayi n'kuiika pamwendo. "Lembani, adokotala. Lembani zonse. Koma Chingerezi chake chikhale cholongosoka, lipotilo lili ndi dzina langa."

Dokotala analemba masamba atatu.

Atafika kunyumba anapeza a Frackson pageti, akutsimphina ndi ndodo yawo.

"Abwana! Mwaswera bwanji?"

"Sindinaswere bwino, a Frackson. Mutuwu sukugwira. Kuyambira tsiku la lole lija."

A Frackson anali atatsegula kale pakamwa kuti ayankhe zoti nawonso aswera bwino. Anakhala choncho kukamwa kuli yasa, chifukwa moni wotero analibe yankho lake. Kenako anakakoka mipando iwiri n'kuiika pakhonde.

"Khalani pansi, abwana, mundiuze. Mukaiwala pamene mwalekezera, ndikukumbutsani."

Marjorie analowa m'nyumba, kapepala kaja kali m'dzanja. Anagona pamkeka osavula nsapato, ndipo kwa nthawi yoyamba chichitikire ngozi, sanatchere khutu kuchitseko kumvetsera bambo ake.