Kabokosi ka M'ndege ya Mlamu

Lachinayi limenelo Sipanala anaweruka nthawi yake, anachotsa girisi m'manja ndi palafini, n'kukhala pakhonde kudikira tiyi. Dzinali anamupatsa ndi anzake a ku kabwalo ka ndege zing'onozing'ono, komwe ankakonza injini. Luso anali nalo, izo sitingamumane. Koma mtima wake unali wouma ngati bauti ya dzimbiri.

M'nyumbamo munali mlongo wake. Panali patatha milungu isanu mwamuna wake atasowa ndi kandege kake, ndipo mayiyu ankangokhala pafupi ndi foni, chakudya osachikhudza.

Mwamunayo anali mphunzitsi wopuma pa ntchito, munthu wofatsa amene ankapukuta kandege kake ka mipando iwiri ngati akusambitsa khanda. Malamulo ankawatsatira mpaka kutopetsa anzake. Lamulo lina limati ndege yodutsa kufupi ndi bwalo lalikulu izikhala ndi kabokosi kotchedwa transiponda. Makina a kunsanja ya oyang'anira ndege akafunsa, kabokosiko kamayankha kuti ndine uje, ndili apa, ndakwera chonchi. Kalikonse kali ndi nambala yakeyake. Popanda iko, kandege ka nsalu ndi mapaipi sikaoneka bwino pagalasi la oyang'anira.

Ndiye kabokosi ka m'ndege ya bwana wa kalabu ya pakabwalopo kanafa, oyendera ndege akubwera mawa lake. Sipanala sanaganize kawiri. Anamasula ka mlamu wake n'kukaika kwa bwana. M'ndege ya mlamuyo anamangamo kakufa kaja, n'kulumikiza waya kuti kanyale kaziyaka basi.

"Aphunzitsi amangodziwa choko," anatero, akuseka yekha.

Loweruka masana mlamu ananyamuka. Chifunga chinagwa mwadzidzidzi. Kwa mphindi makumi anayi anthu a kunsanja ankamumva pa wailesi akufunsa, "Kanyale kakuyaka kuno. Mukundiona? Chonde, mukundiona?" Sanamuone. Mafuta anatha, mawu anazima, ndipo ofufuza sanadziwe ngakhale phiri loyambira.

Sipanala anachotsa kabokosi kwa bwana usiku womwewo n'kukabisa m'kabati ya kuchipinda kwake, pansi pa maovolosi. Kwa ofufuza ananena kuti mlamu wakeyo ankaiwalaiwala kuyatsa kabokosi kake. Ananena zimenezi mlongo wake ali pomwepo, ndipo sanachite manyazi ngakhale pang'ono.

Tiyi asanafike, foni inalira. Mlongoyo anathamangira, anamvetsera, kenako anafuula.

"Achimwene! Apezeka! Akubwera!"

Sipanala analanda foniyo. Anali mayi wa kunsanja, yemwe uja anayankhula ndi mlamu tsiku lomaliza. 

"Bambo, nambala ya ndege ya alamu anu yatulukira pagalasi langa. Ndawaitana kasanu, sakuyankha."

"Makina anu afa. Azimitseni muyatsenso."

"Tayatsanso kawiri. Ali pamwamba pa dera lanu, mamita chikwi chimodzi. Akutsika."

Mlongo wake anali atatuluka kale, wopanda nsapato, akuyang'ana kumwamba, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Sipanala analowa kuchipinda foni ili kukhutu. Anatseka chitseko. Sanayatse magetsi, chifukwa panalibe chifukwa: m'mphepete mwa chitseko cha kabati munkatuluka kuwala kobiriwira.

Phethi. Phethi.

Anatsegula. Kabokosi kanali pomwe anakasiya, mawaya ali lende, opanda batire. Kanyale kake kankaphethira monga kamachitira makina a kunsanja akamafunsa.

"Mamita mazana asanu ndi limodzi," anatero mayi uja.

Anakakulunga m'bulangeti. Kuwala kunadutsa. Anatenga hamala pansi pa bedi, koma dzanja linakana kukwera. Mantha anamugwira, mantha enieni.

"Mazana atatu. Bambo, sakuzungulira ayi. Akungotsika malo amodzi. Ndege siitero."

Kenako anaimva. Injini ya mlamu wake ankaidziwa monga kholo limadziwira chifuwa cha mwana wake, inkatsokomola pang'ono ikamachepetsa liwiro. Agalu a m'makomo onse anangoti zii. Malata anayamba kunjenjemera, fumbi likugwera pabedi. M'chipindamo munalowa fungo la petulo ndi masamba onyowa.

"Zana limodzi. Makumi asanu. Makumi awiri."

Injini inatsokomola kawiri n'kuzima.

"Afika pansi," mayiyo ananong'ona. "Bambo, muli pomwepo? Ali pa inu."

Foni inayamba kuphwephwera ngati wailesi. Mayi uja sanamvekenso. Kunamveka mawu ena, ofatsa, a munthu wozolowera kubwereza funso mpaka mwana ayankhe. Sanachokere m'foni mokha. Ankamvekanso kumbuyo kwake, pafupi ndi khosi.

"Alamu. Mukundiona?"

Sipanala sanatembenuke.

"Kanyale kakuyaka, alamu. Mukundiona?"

Mlongo wake anachezera panja, akuwalitsa tochi kumwamba kuti mwamuna wake aone potera. Mayiyu sanamve injini iliyonse. Kutacha anagogoda kuchipinda, osayankhidwa. Zenera linali pululu.

Sipanala anapezedwa ndi alonda a kukabwalo kaja, mtunda wa maola atatu wapansi. Anali ataima pakati pa msewu wa ndege, zovala zili chonyowa ndi mame, atanyamula kabokosi pamwamba pa mutu ndi manja awiri. Amuna anayi analephera kumutsitsa mikono. Milomo yake inkangoti, "Ndikukuonani. Ndikukuonani."

Mlongoyo atafika sanayang'ane nkhope ya mchimwene wake. Anayang'ana kabokosi. Pambali pake panali kapepala komata, nambala italembedwa bwinobwino ndi dzanja la mwamuna wake, lomwe linkamulembera makalata ali mtsikana.

Anawerenga kawiri. Alonda anamufunsa ngati amutengere munthuyo kuchipatala.

"Musiyeni," anatero. "Mwamuna wanga anafunsa mphindi makumi anayi. Ameneyu ayankhe kaye."

Anatembenuka n'kumapita.

Kukabwaloko amanong'onezana kuti kabokosi anakatenga ofufuza, kali m'kabati yokiya. Koma dzuwa likangolowa nambala ija imatulukirabe pagalasi la kunsanja, pamwamba penipeni pa wodi ya kuchipatala yomwe Sipanala amagona, mamita chikwi chimodzi, n'kuyamba kutsika.