Mwala Kaye, Kenako Giya

Kalipentala ananyamuka ku shopu kwake mochedwa usiku umenewo, ndipo chomuchedwetsa sichinali ntchito ayi, inali pikapu yake. Mwezi wathunthu galimotoyo inali ikuvuta kulira. Ukapotokola kiyi inkangoti tha! kenako zii. Batire anagula yatsopano, koma nthenda inali yomweyo. Tsikulo anachita kumukankha alonda awiri mpaka inalira.

Mtima wake unali m'malere. Apongozi ake aakazi anali ataimba foni kuti mkazi wake matenda ayamba, ndipo zinthu sizikuoneka bwino. Inali mimba yoyamba. Kwawoko kunalibe galimoto ina yoti n'kumutengera kuchipatala.

Tsoka sasimba. Atangowoloka mlatho anaponda buleki mwadzidzidzi pozemba dzenje, injini n'kuzima. Anapotokola kiyi. Tha! Anapotokolanso. Tha! Anaika giya yachiwiri poganiza kuti mwina itsetsereka n'kulira yokha, koma pamalopo panali pa see. Anatukwana galimotoyo, n'kuyamba wapansi, ngakhale ankadziwa kuti akafika kunyumba chimanjamanja palibe chimene akathandize.

Kunali mdima wa ndiweyani. M'mbali mwa msewu munali nyumba yopanda denga, udzu utamera mpaka m'mawindo. Atangoidutsa anamva zitsulo zikugundana kumbuyo kwake. Ngwe... ngwe... Anaima. Nazonso zinaima. Anayenda. Ngwe... ngwe...

Anacheuka.

Panali bambo wamkulu ndithu, wovala ovolosi yothimbirira ndi mafuta, masipanala ali m'thumba. Dzanja limodzi anagwira pachifuwa.

"Bwererani," anatero bamboyo. "Galimoto yanu sinafe."

Kalipentala sanafunse kuti wadziwa bwanji. Munthu akamamira amagwira ndi udzu womwe. Anabwerera limodzi, koma phazi lomveka pa msewupo linali lake lokha.

Pagalimotopo mlendoyo sanakhudze kanthu. Anaima chapatali n'kumuuza kuti ayatse nyali zakutsogolo, kenako apotokole kiyi akuziyang'ana. Zikazilala ndiye kuti vuto ndi batire kapena mitu yake. Kalipentala anatero. Nyali zinawala ngwee, osaphethira n'komwe. Mlendoyo anati basi batire aisiye, yalakwiridwa kokwanira. Moto sukufika bwino pa sitata yoliza injini, kawaya kake kadyeka ndi dzimbiri.

Apo kalipentala anakumbukira zimene anaonapo amakaniko akuchita: kulowa kunsi ndi sikuludiraiva, kugunditsa zitsulo ziwiri za pa sitata, injini n'kulira. Anatsegula kiyi, n'kugwada kuti alowe.

"Mwala kaye. Kenako giya."

Kalipentala anati akufulumira, mkazi wake ali pakati pa moyo ndi imfa.

"Mwala kaye!"

Mawuwo sanamveke ngati akuchokera pakamwa pa munthu. Anazizira mpaka m'mafupa. Kalipentala anakunkhuniza miyala iwiri ikuluikulu n'kuitsamiritsa kutsogolo kwa matayala akumbuyo. Pomwepo foni inalira. Anali apongozi, akulira, akufunsa kuti kodi ali pati. Mutu unasokonezeka. Zochotsa giya yachiwiri ija zinamuchoka. Anagona chagada, n'kulowa kunsi, tochi ya foni ali nayo kukamwa.

Anagunditsa zitsulo zija.

Moto unathetheka. Injini inabangula. Galimoto inadumpha!

Gu!

Kenako bata...

Tayala linali litakwera mwala theka, n'kubwerera. Mphira wake unkakhudza malaya ake, panthiti penipeni. Anagona pomwepo osapuma. Pakanapanda mwalawo, mwana wake akanabadwa wamasiye usiku womwewo.

Anatuluka kunsiko kuti athokoze. Panalibe munthu. Anaunika uku ndi uku, kumlatho, kunyumba yopanda denga ija. Zii. Fungo la mafuta a injini lokha ndi limene linatsala pamene mlendoyo anaima.

Anachotsa giya, anakoka handibuleki, analowanso kunsi. Ulendo uno injini inalira bwinobwino. Sanaizimitse mpaka anafika pakhomo la chipatala, mkazi wake ali pa mwendo wa mayi ake. Adokotala anati akanachedwa theka la ola akanataya onse awiri. Kunabadwa mwana wamkazi.

Patapita masiku atatu anapita ndi pikapuyo ku galaja kuti akaikonze zenizeni. Mwini galajayo, nkhalamba ya imvi, anapeza kawaya kaja katabiriwira ndi dzimbiri, n'kufunsa kuti anamuuza ndani zoti vuto lili pamenepo. Kalipentala anafotokoza zonse. Atafika pa mawu a mwala ndi giya, nkhalambayo inatula sipanala pansi pang'onopang'ono.

Inamutengera mu kaofesi kodzaza ndi zitsulo zakale, n'kumulozera chithunzi chofuwirira chimene chinali pakhoma. Ovolosi yomwe ija. Nkhope yomwe ija. Kalipentala anakhala pa chigubu cha mafuta.

"Amenewa anali achimwene anga," inatero nkhalambayo. "Nyumba yopanda denga munaiona ija inali yawo. Tonse pano anatiphunzitsa ndi iwo, ndipo ukalowa kunsi kwa galimoto usanaike mwala, khofi linali lako. Tsiku lina mwana wawo anadwala usiku, galimoto n'kukana kulira pamlatho pomwe paja."

Maso ake anali pachithunzicho.

"Zaka makumi atatu osaiwala mwala, bambo. Anafulumira tsiku limodzi lokha. Tayala linawapeza pachifuwa, ndipo chaka chino n'chachisanu ndi chinayi chiwaikireni m'manda."