Mlendo wa Naheed pa Doko Lakale

Naheed ankagulitsa tiyi wamkaka pa doko lakale la ku Karachi, pomwe bambo ake, a Dawood, anathera unyamata wawo akusenza matumba a thonje. Tsopano matumba kunalibenso. Nyumba zosungiramo katundu zija anazipaka utoto n'kuzisandutsa malo odyera, ndipo m'mbali momwe munkaima zombo anaikamo mabenchi ndi maluwa.

Masana ena kunabwera mnyamata wamtali wovala malaya oyera. Dzina lake anali Tabish, ndipo ankagwira ntchito mu ofesi ya zombo chapafupi pomwepo.

"Shuga ndithire wochuluka bwanji?" anafunsa Naheed.

"Musathire. Mungoyang'ana m'kapumo, atsekemera yekha."

"Mawu amenewo ndi akale ngati doko lino. Koma dokoli analikonzako, inu anuwo simunawakonze."

Tabish anaseka mpaka tiyi anamutayikira pamalaya. Mawa lake anabweranso, mkuja chimodzimodzi. Posakhalitsa foni ya Naheed inayamba kulira pafupipafupi ndi mauthenga a Tabish.

"Mwezi wanga, wadzuka bwanji? Kuno dzuwa likukana kutuluka usanandiyankhe."

"Mtima wanga, nyanja yonseyi ndikuiona, koma ludzu langa ndi iwe."

Naheed ankawerenga atabisala kuseri kwa mphika wa tiyi, akudziluma mlomo kuti anzake asaone kumwetulira. Ndani analankhulapo naye chonchi chibadwire?

Tsiku lina ali pa mlatho, akuponyera nsomba timibulu ta ufa monga amachitira ofuna mwayi, Tabish anamugwira dzanja.

"Chikangodutsa chikondwerero cha Eid ndibwera ndi amayi kwanu. Ndikulumbira, Naheed, ndiwe woyamba ndipo ndiwe womaliza. Ntchito ya tiyiyi uisiye. Mkazi wanga sangamapse ndi dzuwa."

Naheed anakhulupirira. Anauza mwini malo kuti mwezi ukatha asiya ntchito. Anauzanso bambo ake, amene sabata yomweyo anabweza banja lina la ku Keamari lomwe linabwera kudzafunsira mbeta.

"Ngati mtima wako uli kumeneko, mwana wanga, ine ndidikira nawe," anatero a Dawood.

Eid itayandikira, kunabwera mayi wina wofunda mpango wobiriwira. Anagula tiyi, koma sanamwe. Anangokhala pa benchi mpaka makasitomala onse atachoka.

"Ndiwe Naheed?"

"Ndine, Baji," anayankha, kumutchula ngati mkulu wake. "Tiyiyo sanakome?"

"Khala pansi, mng'ono wanga. Ine ndine Farzana, mkazi wa Tabish."

Naheed anapukusa mutu.

"Mwasokoneza, Baji. Tabish wanga sanakwatire."

"Ali ndi chipsera pachigongono chakumanzere. Akamanama amakanda khutu. Ndipo ndikhulupirira amakutchula mwezi wake, chifukwa nane ndinali mwezi ndisanabereke ana ake awiri."

Misozi inayamba kutsika yokha. Naheed anadikira mbama, anadikira kutukwanidwa pamaso pa anthu. Akanadziteteza ndi chiyani?

"Ndinakuonani pa mlatho paja," Farzana anapitiriza modekha. "Ndinabwera ndi azichemwali anga kudzaona mmene akonzera dokoli. Ndinapsa mtima, ndinafuna kukukoka tsitsi. Kenako ndinaona mmene unkamuyang'anira, ndipo ndinadziwa kuti sukudziwa kanthu. Wakuba sayang'ana chotero."

"Ndikhululukireni, Baji."

"Walakwa chiyani? Ndangobwera kuti usasiye ntchito yako. Ine ndinali mphunzitsi. Anati mkazi wake sangamapume fumbi la choko, ndipo ndinamvera."

Ali chikhalire, malaya oyera aja anaonekera pachipata. Tabish ankabwera akuimba mluzu, maluwa ali m'manja. Atawaona awiriwo pa benchi imodzi, anaima ngati wapondedwa ndi katundu.

"Naheed, mtima wanga, ndikhoza kufotokoza."

"Akazi anu ali apa. Mtima wanuwo muwapatse iwowa, ngati akuufunabe."

Farzana anaimirira, nakonza mpango wake.

"Tiye kwa makolo anga ku Kharadar, bambo wa ana anga. Azichimwene anga akukudikira, ali ndi mafunso."

Tabish anatsatira chozyolika, maluwa akulendewera. Naheed analira mpaka maso kutupa, koma asanaweruke anapita kwa mwini malo.

"Ndasintha maganizo, bwana. Ngati simunapeze wina, ndikhala."

"Ndani angaphike tiyi ngati wako? Pita ukasukusule, mawa usachedwe."

Chomwe ankaopa kwambiri chinali kunyumba. Bambo ake anabweza anthu aulemu chifukwa cha iye. Akawayang'ana bwanji kumaso?

Anawapeza pakhonde akusoka nsapato, ndipo anafotokoza zonse atagwada.

"Abba, bambo anga, ndakuchititsani manyazi."

"Manyazi ndi a wonama. Dzuka." Anamupukuta misozi ndi chala chawo chokhakhala. "Mayi ameneyo amakhala kuti?"

"Ku Kharadar, kwa makolo ake."

"Mawa ukaweruka upite kumeneko ndi maswiti, ndipo ine ndikuperekeza. Pa doko paja ndaona amuna ambiri akugwera m'madzi, mwana wanga. Womira amakoka aliyense amene wamuyandikira kuti amire naye. Uyu akumira, koma wakukankhira kumtunda."

Mawa lake ataweruka anakwera basi awiriwo, bokosi la maswiti lili pamiyendo pa Naheed. Foni inalira, dzina la Tabish likuwala. Anaizimitsa osawerenga.

Farzana anatsegula chitseko ali ndi mwana m'manja, maso ake otupa ngati a Naheed. Anayang'ana bokosi, anayang'ana nkhalamba yomwe inaima itaika dzanja pachifuwa.

"Lowani, amalume," anatero. "Koma tiyi aphike ndi mwana wanuyu. Wa dzulo uja sindinamulawe."