Ovolosi ya Mpongozi

Linali tsiku lachitatu chizimireni boyila, makina a gasi ofunditsa nyumba, ndipo m'nyumba ya Bonface ndi Etta ku Woolwich, kudziko la azungu, munkazizira ngati m'filiji. Mayi ake a Bonface, a Nangozo, omwe anabwera masabata atatu apitawo kuchokera ku Ntcheu kudzaona mdzukulu, ankangokhala pasofa atafunda mabulangete awiri, akutsokomola. Khandalo, Chiye, nalo linali litayamba chimfine.

Chomwe chinkamudya mtima Etta n'chakuti kukonza maboyila ndiyo inali ntchito yake, ya chiphaso chonse. Koma Bonface, mkulu wokonda kutchena taye, anali atauza mayi ake kuti mkazi wake ndi wa mu ofesi. Choncho m'mawa uliwonse Etta ankatuluka m'nyumba atavala jekete ndi nsapato zagogoda, n'kukavalira ovolosi mu vani yomwe ankaibisa kuseri kwa msika. Ankakafunditsa nyumba za eni, kwawo mwana akunjenjemera.

"Bambo a Chiye, ndiloleni ndiione," anadandaula Etta Loweruka m'mawa kukhitchini. "Ola limodzi silikwana."

"Ndati ayi. Ndabukitsa munthu, abwera Lachiwiri."

"Lachiwiri! Mukuwamva amayi mmene akutsokomolera?"

"Ndiye ufuna aone mpongozi wawo ali m'girisi? Kumudzi akakanene kuti chiyani? Ndaona pafoni, ndikonza ndekha."

Etta analuma mlomo n'kukwera m'mwamba kukayamwitsa. Potsika anapeza Bonface watsegula chivundikiro cha boyila, wazula mawaya awiri pa kaswichi kozungulira, akufuna kuwalumikiza ndi tepi.

"Siyani!" anakuwa Etta, n'kumukwatula tepiyo. "Mukufuna kutipha?"

"Usandikalipire m'nyumba mwanga!"

"Kaswichi kameneka ndi kamene kamamva ngati fani ikutulutsa utsi kunja. Kakapanda kumva, moto suyaka. Mukakalumpha, boyila iyaka ngakhale utsi ukubwerera muno, ndipo utsi wake suoneka, sununkha. Tingogona tonse osadzuka, ndi mwana yemwe!"

Misozi inali ikutsika m'masaya mwa Etta. Pakhomo la khitchini panali pataima a Nangozo, bulangete lili paphewa.

"Mpongozi, zimenezi mukuzidziwa bwanji?"

Bonface anayamba kuseka kuseka kopanda mutu. "Amayi, awa amangomva ku ofesi..."

"Sindikufunsa iwe."

Etta anatuluka, chitseko n'kuchimenyetsa. Bonface anaganiza kuti banja lathera pomwepo, ndipo mtima unamuthawa. Koma posakhalitsa vani yoyera inaima pakhomo penipeni, pomwe sinaimepo kwa masabata atatu. Etta analowa atavala ovolosi yabuluu yong'ambika pabondo, bokosi la zida lili m'manja.

"Amayi, ntchito yanga ndi iyi," anatero Etta. "Ofesi ndilibe. Pepani kuti ndinakunamizani."

A Nangozo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anataya bulangete, n'kumanga chitenje mwamphamvu m'chiuno.

"Tochi ili kuti? Ndikuunikireni."

Etta anabwezera mawaya aja m'malo mwake n'kuyatsa boyila. Fani inazungulira bwinobwino, koma moto osayaka. Anatuluka kukasuzumira paipi ya utsi ngati mwalowa chisa cha mbalame, munali mwabwino. Anazula kapaipi kamphira kopita ku swichi n'kukauzira, ndipo mpweya unadutsa.

"Ndiye kuti njira zonse n'zotsegula," anatero a Nangozo, nkhope ili pafupi ndi boyila. "Wolakwa ndi mlondayo, kaswichi kaja."

"Ndi yemweyo, amayi. Tiyeni timuyese."

Anagunditsa mita yake pa swichi fani ikuzungulira. Manambala sanasunthe. Kaswichiko kanali katafa. Etta anazimitsa magetsi ndi gasi, anamasula tizomangira tiwiri, n'kuika katsopano kochokera mu vani. A Nangozo ankamupatsira sikuludiraiva asanapemphe n'komwe. Atatseka chivundikiro n'kuyatsa, panamveka kuti thee, kenako moto unabuma. Etta anayesanso utsi ndi makina ake, n'kugwedeza mutu kuti zili bwino.

Bonface anali ataima pakona, tepi yake ili pansi.

"Iwe Bonface," anatero mayi ake mosakweza mawu. "Mijigo ya kwathu ankakonza ndani?"

"Inu, amayi."

"Zaka zingati?"

"Khumi ndi zisanu ndi ziwiri."

"Ndinkasolola mapaipi m'dzuwa, manja ali bii, kuti iwe ukhale m'kalasi. Tsiku lina ndinabwera kusukulu kwanu ndi sipanala m'thumba, iwe n'kuuza anzako kuti ndine wantchito wa kwa azakhali ako. Unkayesa sindinamve? Ndinamva, mwanawe. Ndinalira njira yonse mpaka pa Tsangano, koma ndinati ndi chibwana, adzakula."

"Amayi, ine ndimafuna kuti muone kuti tili bwino..."

"Ndaona. Ndaona kuti wakula nazo. Unandibisa ine, lero ukubisa mkazi wako kuseri kwa msika, mwana wako akuzizidwa."

Bonface anagwada pa simenti yozizirayo, akulira ngati mwana. "Etta, ndakulakwira. Amayi, ndikhululukireni."

Etta sanamudzutse. Mkwiyo wa masabata atatu sukanatha ndi bondo limodzi. Anangoti, "Vani izigona pakhomo pano. Ndipo mawa kutchalitchi ku Tottenham tipita pa vani yomweyo."

"Ine ndikhala kutsogolo," anatero a Nangozo.

Anagwira paipi ya hita ya m'khitchinimo, yomwe inali itayamba kufunda, kenako anagwira dzanja lakuda la Etta osalipukuta.

"Mpongozi, mundijambule ndi foni titaimirira pa boyilapa, inu muli mu ovolosi. Nditumize kumudzi lero lomwe. Ndipo iwe Bonface dzuka, ujambule ndiwe."