Fufuza ndi Fufuta

Mayi osamalira laibulale ya sukulu anangokhala duu kutsogolo kwa kompyuta, dzanja lili patsaya. Mayina a mabuku zikwi zitatu, amene anawalowetsa ndi zala ziwiri kwa materemu awiri, anali atasowa onse.

Anaitanitsa Liwiro, mtsikana wa Folomu 3 amene anzake anamupatsa dzinali chifukwa ankataipa ngati mvula ya matalala. Pulogalamu yosungira mayina a mabukuyo inali yaulere, yopangidwa ndi anthu ongodzipereka a m'mayiko ambiri, ndipo malangizo ake anawamasulira ndi Liwiro yemweyo. Dzina lake linali pa intaneti, patsamba loyamba.

Mayiwo sanakalipe. Anangoloza tsamba 14 la malangizowo. Liwiro anawerenga chamumtima: "Kuti mupeze mabuku onse, lembani kanyenyezi, kenaka dinani Fufuta."

Mabataniwo anali awiri, ogundizana: Fufuza ndi Fufuta.

"Ine ndangomvera buku lako, mwanangu," anatero mayiwo.

Milungu itatu m'mbuyomo, bambo ake a Liwiro, amene anakalambira pantchito yosaka zolakwika pakampani yosindikiza mabuku, anapempha kuti awaonetse malangizowo papepala. Anakhala nawo masiku anayi, cholembera chofiira chili m'manja, ndipo mapepalawo anabwerako ngati apherapo nkhuku. Anamuuza kuti chinthu chimodzi wachitcha pena tebulo, pena ndandanda, pena kaundula.

"Mwana mmodzi mayina atatu," anatero. "Ukamuitana, ayankhe liti?"

Liwiro anaseka. Anati izi n'zamakompyuta, osati zamakina awo akale aja, ndipo anthu amva. Mapepalawo anawapinda n'kutsamiritsira mwendo wa tebulo umene unkagwedera.

Tsiku limene mayina a mabuku anasowalo, atafika kunyumba, anagwada n'kuwasolola. Patsamba 14, chilembo cha t chinali chitazunguliridwa kawiri. M'mphepete munali mawu aang'ono owongoka bwino: "Ikani z. Yambani ndi ichi."

Bambo ake anali pakhonde akumanga magalasi awo ndi ulusi. Anawafotokozera zonse, maso ali pansi. Ankayembekezera kuti anena kuti ndinakuuza. Akanatero, mwina mtima ukanapepukako. Iwo anangofunsa kuti mabukuwo analipo angati.

"Zikwi zitatu, bambo."

Anapitiriza kukulunga ulusi.

Kukonza chilembocho sikunamutengere ngakhale mphindi imodzi. Koma pulogalamu yoteroyo siiwala: mzere wakale unatsala m'mbiri ya zosintha, wofiira, dzina lake lili pambali, poti aliyense aone. Ndipo z uja sanabweze buku ndi limodzi lomwe.

Zolakwika zina zinalipo mazana awiri. Anazikonza chimodzichimodzi patebulo logwedera lija, bambo ake akuwerenga mokweza, iye akulemba. Pa mayina atatu aja anasiyapo kaundula yekha. Palibe amene anamuthokoza. Buku lolembedwa bwino munthu amangoliwerenga n'kudutsa.

Holide yonse anathera mulaibulale. Mayi aja ankatsitsa mabuku pashelefu n'kumatchula mayina, iye akutaipa. Akamaliza mzere, mayiwo ankafunsa osamuyang'ana, "Wawerenganso?" Ndipo ankawerenganso, chala chili pagalasi la kompyuta.

Sukulu itatsegulira, anzake anali atamva kale. Atangolowa m'kalasi, wina kumbuyo anakuwa kuti bisani makope, wafika. Onse anafa nacho chiseko.

Kuyambira tsiku limenelo palibenso amene anamutchula Liwiro. Dzina lake linali Fufuta.