Chala cha Fumika Chasuzumira

Fumika ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kumva matabwa oimba.

Matabwawo ali m'nyumba yakalekale, mumzinda wa Kyoto. Ukawaponda, amalira ngati timbalame.

Tsiku lina Fumika anapita ku Kyoto ndi bambo ake. Mchimwene wake, Genta, anapita nawo.

Anayenda. Anayenda. Anayendabe.

Anadutsa m'tinjira topapatiza. Anakwera masitepe amiyala. Anapatsa moni mayi wina amene ankasesa pakhomo. Anadya timakeke tampunga totentha. Genta anadya titatu. Iyeyu ndiye sakana chakudya.

Masana anafika panyumba yakalekale ija. Pakhomo panali nsapato mbwee. M'nyumba salowa ndi nsapato.

"Tivule, ana inu," anatero bambo.

Fumika anavula nsapato imodzi. Sokosi inali itabooka. Chala chachikulu chinali chitasuzumira panja.

Genta anachiona. Zoterezi Genta sizimudutsa.

"Moni, a Chala," anatero Genta. "Nanunso mwabwera kudzaona mzinda?"

Fumika anachita manyazi kwambiri. Anavalanso nsapato msangamsanga. Anakhala pansi, pa sitepe.

"Ine sindilowa," anatero Fumika. "Anthu andiseka."

"Nanga matabwa oimba aja?" anafunsa bambo.

Fumika anaweramitsa mutu. Misozi inalengeza m'maso.

Bambo anakhala pambali pake. Anavula nsapato yakumanja. Chala chimodzi chinasuzumira. Anavula yakumanzere. Zala ziwiri zinasuzumira.

"Tayenda kwambiri lero, mwana wanga," anatero bambo. "Masokosi nawo atopa."

Fumika anayang'ana zala za bambo. Anayamba kuseka. Genta naye anaseka. Anaseka mpaka nthiti kuwawa.

Fumika anavula nsapato zonse ziwiri. Anagwira dzanja la bambo. Analowa.

Anaponda thabwa loyamba. Tswii.

Anaponda lachiwiri. Tswii, tswii.

Matabwa ankaimbadi. Palibe amene ankayang'ana masokosi. Aliyense ankangotchera khutu. Fumika anasangalala kwambiri.

Anapondanso ndi chala chake chachikulu. Tswii.

"Bambo, tamvani," anatero Fumika. "Chala changa chikuimbitsa thabwa."

"Zanga zitatuzi nazo zikuyesetsa," anatero bambo monong'ona. "Koma za masokosizi, musakawauze amayi anu."

Fumika analonjeza. Genta sanalonjeze.